Funsani Akatswiri: Mfuti Yodzitetezera, Kasankhidwe Kake ndi Maphunziro Ake

Makalata a mwezi uno achokera ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo onse akufunsa za mfuti ya m'manja. Oyankha ndi aphunzitsi a kawombedwe pamodzi ndi mmisiri wokonza mfuti. Mayina a olemba tawachotsa dala, chifukwa si bwino kuti mudzi wonse udziwe nyumba imene muli mfuti.

FUNSO: Akonzi, ndili ndi holoselo pa Limbuli, ndipo sabata iliyonse ndimanyamula ndalama kukasiya ku banki pa Boma. Mnyamata wina wa kutsidya kwa Muloza akuti angandipezere pistol pamtengo wozizira, mapepala tidzaona pambuyo. Ndigule kaye kenako ndikalembetse? Wamalonda, Limbuli.

YANKHO: Ayi bambo, mukatero mwayambira kumchira, ndipo mudzagona m'chitokosi. Lamulo la mfuti la dziko lino, Firearms Act la 1967, limafuna chilolezo chiyambe, mfuti ibwere pambuyo. Mumapita ku polisi kukapempha chilolezo chopezera mfuti n'kufotokoza chifukwa chake. Apolisi amafufuza mbiri yanu, ndipo ali ndi mphamvu yokana. Akavomera mumagula kwa wogulitsa mfuti wa chiphaso, mfutiyo n'kulembedwa m'dzina lanu pamodzi ndi nambala imene inadindidwa pachitsulo chake. Laisensi yake imakonzedwanso chaka ndi chaka. Kulowetsa mfuti kapena zipolopolo kuchokera dziko lina kumafuna chilolezo chakechake, ndipo izi zikukhudzanso abale athu a ku Joni: laisensi ya ku South Africa ilibe ntchito kuno.

Za mtengo wozizirawo, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mfuti zoyenda mobisa m'malire muno zina ndi zotsalira za nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992, zina ndi zobedwa. Mfuti iliyonse imasiya zizindikiro zake pa khoko, kachitini ka wonga kamene kamatsala mfuti ikalira, ndi pa chipolopolo, choncho ikakhala kuti inaphapo munthu, mlandu umenewo mwaugula pamodzi ndi chitsulocho. Ndipo ikakhala Tokarev, pistol ya ku Russia ya m'zaka za m'ma 1930, dziwani kuti yoyambirira ilibe safety yeniyeni, kabatani koletsa mfuti kulira mwangozi, ndipo zipolopolo zake za 7.62x25 mudzavutika kuzipeza mwalamulo.

Pamene mukudikira yankho la apolisi, sinthani tsiku, ola ndi galimoto yopitira ku banki, ndipo ndalama zambiri zizidutsa pa Mpamba, Airtel Money kapena kwa ejenti wa banki. Achifwamba ambiri amabwera atauzidwa ndi wina wodziwa kayendedwe kanu.

FUNSO: Ndimayang'anira famu ya makadamiya cha ku Thunga. Chilolezo chatuluka. Anzanga ena akuti ndigule revolver poti siikanika, ena akuti pistol poti imanyamula zipolopolo zambiri. Ndimvere ndani? Manijala wa famu, Thyolo.

YANKHO: Musanamvere aliyense, funsani wogulitsayo kuti ndi zipolopolo ziti zimene amakhala nazo chaka chonse. Mfuti yabwino imene zipolopolo zake zimabwera mwa apo ndi apo simungaiphunzire. Pa mfuti za m'manja, mitundu iwiri yofala padziko lonse ndi 9mm ya pistol ndi .38 Special ya revolver. Musatulukemo m'mitundu iwiriyi.

Revolver imasunga zipolopolo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi mu silinda imene imazungulira mukamakoka trigger, kachitsulo kamene chala chimakoka powombera. Chitsanzo chodziwika ndi Smith & Wesson Model 10 ya mpope wa masentimita 10, yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi; a Taurus a ku Brazil amapanganso zofanana nayo. Ubwino wake ndi woti zonse zili poyera: mukatsegula silinda mukuona ndi maso ngati muli zipolopolo. Chipolopolo china chikakana, kukoka kotsatira kumabweretsa china. Vuto lake lili pa trigger, imene ndi yaitali ndiponso yolimba, pafupifupi makilogalamu 5, moti dzanja losazolowera limapotoza mfuti isanalire. Kudzazanso kumatenga nthawi. Ndipo zoti siikanika ndi zokokomeza. Timinyenyeswa ta wonga tikalowa pansi pa kanyenyezi kotulutsira makoko, silinda imakana kutseka kapena kuzungulira, ndipo revolver ikafa, kawirikawiri imadikira mmisiri.

Pistol imasunga zipolopolo mu magazini yolowa m'chigwiriro. Ikalira, chitsulo chapamwamba chimene amati slide chimabwerera m'mbuyo, chimataya khoko, n'kukankhira chipolopolo china mu chamber, ndiko kuti kumayambiriro kwa mpope. Glock 19 ya ku Austria imanyamula zipolopolo 15, yodzaza imalemera pafupifupi magalamu 850, ndipo trigger yake imafuna makilogalamu pafupifupi 2.5 nthawi zonse. Thupi lake ndi la pulasitiki yolimba, chinthu chothandiza kwanuko kumene dzimbiri silichedwa. Ilibe kabatani ka safety kapambali, choncho chitetezo chake chachikulu ndi chala chanu ndi holster yabwino, kathumba kovalira mfuti m'chiuno. CZ 75, imene inapangidwa koyamba mu 1975 ku Czechoslovakia, ndi yachitsulo chokhachokha, yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo kulemerako kumachepetsa kugunda kwake. Imakhala bwino m'manja mwa anthu ambiri, koma ili ndi hamala, kachitsulo kakumbuyo kamene kamamenya kuti mfuti ilire, ndi safety zimene muyenera kuziphunzira mpaka dzanja lizichita lokha. Beretta 92 ndi Z88 ya ku South Africa, imene anaipanga motengera Beretta, ndi mfuti zodalirika koma za chigwiriro chonenepa.

Maganizo athu ndi awa. Ngati mudzakwanitsa kukawombera chandamale kamodzi pa mwezi, tengani pistol ya 9mm yapakatikati. Ngati mukudziwa mumtima mwanu kuti mfutiyo idzakhalitsa m'bokosi n'kumatuluka kawiri pa chaka, revolver ya mpope wa masentimita 10 ikukhululukirani zambiri.

Ikakhala yogwiritsidwapo kale ntchito, iyeseni ilibe chipolopolo. Pa revolver, kokani hamala pang'onopang'ono pa bowo lililonse: silinda izikhoma hamala isanafike kumapeto. Mpata wa pakati pa silinda ndi mpope ukhale pafupifupi mamilimita 0.15, ndipo mungauyeze ndi tizitsulo topyapyala timene amakaniko amayezera mapulagi. Pa pistol, unikani ndi tochi m'kati mwa mpope. Mukaona timaenje ta dzimbiri, kapena mphete yakuda yosonyeza kuti mpope unatupa, isiyeni. Nambala ya pamfuti ifanane ndi ya papepala chilembo ndi chilembo. Ndalama zanu musathere pa mfuti yokha: theka lipite ku zipolopolo zophunzirira, bokosi losungira, holster ndi fizi ya maphunziro.

FUNSO: Pistol yanga ndi ya 9mm. Mnzanga wandipatsa zipolopolo zolembedwanso 9mm, koma zikuoneka zazifupi. Zingalire? Bambo wa ku Chitakale.

YANKHO: Musaziyese, ndipo mubwezereni mwini wake. Zipolopolo zimagulidwa kwa wogulitsa wa chiphaso, pa laisensi yanu, osati kupatsana ngati fodya wa mnzako pamaliro. Dzina lakuti 9mm lili ndi mitundu yosiyanasiyana, ndipo yofala ndi itatu: 9x19, imene imalembedwanso Luger kapena Parabellum, 9x18 ya Makarov, ndi 9x17, imene imalembedwa Short, Kurz kapena .380. Nambala yachiwiriyo ndi kutalika kwa khoko m'mamilimita. Chachifupi chikalowa mu chamber ya 9x19 chimatha kumira kwambiri n'kukana kulira, kapena kulira khoko n'kung'ambika. Cha Makarov ndi chonenepa pang'ono kuposa zinazo. Werengani zolembedwa pa mpope kapena pa slide, muyerekeze ndi zodindidwa kumbuyo kwa khoko ndi pa katoni. Pa revolver, mfuti ya .357 Magnum imalandira .38 Special, koma ya .38 siilandira .357. Zolembedwa +P zili ndi mphamvu yowonjezera ndipo si mfuti zonse zakale zimene zingapirire. Zobiriwira ndi dzimbiri, zofwanyika, ndi zimene wina anadzazanso yekha kunyumba, zitengereni ku polisi.

FUNSO: Akonzi, ndimachita bizinesi ya masamba ndi mbatata pa Bvumbwe ndipo ndimalawira mbandakucha kupita ku Limbe. Abambo akunyumba akuti tipeze kamfuti kakang'ono koti kazilowa m'chikwama changa, poti manja anga ndi aang'ono. Ali bwino? Mayi wa pa Bvumbwe.

YANKHO: Mayi, choyamba chilolezo chikhale m'dzina lanu. Laisensi ya amuna anu siikuphimbani inu.

Pa kukula kwa mfuti, abambowo aganiza ngati mmene ambiri amaganizira, koma zimakhala mosiyana. Mphamvu ya chipolopolo ndi imodzimodzi, ndiye mfuti ikapepuka, imagunda dzanja kwambiri. Chigwiriro chachifupi chimasiya chala chakanise panja, ndipo tizitsulo tiwiri toyang'anira timayandikana, moti kulakwitsa pang'ono kumakula pofika pa chandamale. Timfuti ta m'thumba ndi ta anthu odziwa kale. Munthu woyamba kumene kakamupweteka, amayamba kuphethira ndi kugwedeza dzanja asanawombere, ndipo chizolowezi chimenecho chimavuta kuchotsa.

Chofunika ndi kunenepa kwa chigwiriro, osati kufupika kwa mfuti. Kwa wogulitsa, mfuti ilibe chipolopolo, igwireni pamwamba penipeni pa chigwiriro, kumbuyo kwake kukhale pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, mpope ulunjike mzere umodzi ndi mkono. Mukatero, nsonga ya chala chamkombaphala ifike pa trigger popanda kupotoza dzanja. Ikapanda kufika, mfutiyo yakula. Yesaninso kukankha kabatani kotulutsira magazini ndi kukoka slide. Slide siikokedwa ndi nsonga za zala. Ikani chikhatho chamanzere pamwamba pake chakumbuyo, mfuti ili pafupi ndi chifuwa ndipo mpope waloza kopanda munthu, kenako kankhani chigwiriro kutsogolo ndi dzanja lamanja mwamphamvu. Amayi ambiri amene ankati sangathe amatha akaphunzira njira imeneyi.

Za chikwama sitikugwirizana nazo. Chikwama ndicho wakuba amayamba kutsomphola, ndipo pamsika chimaikidwa pansi, ana n'kumapisamo. Ngati palibe njira ina, mfuti ikhale m'thumba lakelake, mu holster yophimba trigger, mopanda makiyi, ndalama kapena cholembera.

FUNSO: Ndalembetsa maphunziro a masiku awiri a kawombedwe kodzitetezera. Sindinawomberepo pistol. Ndinyamule chiyani, ndipo ndikonzekere bwanji kuti ndisakachite manyazi? Mlimi wa tiyi, Mulanje.

YANKHO: Musanalipire, fufuzani mphunzitsiyo. Funsani ku polisi kumene munapempha chilolezo ngati iyeyo ndi malo akewo ndi ololedwa. Malo owomberapo akhale ndi chimulu chadothi chachitali kumbuyo kwa chandamale, chopanda miyala. Chipolopolo cha 9mm chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 350 pa sekondi, ndipo chikaphonya chimatha kukagwa pa mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka. Munthu amene akufuna kukuphunzitsirani kuseri kwa munda wa tiyi kapena m'mbali mwa phiri mmene amayi amatola nkhuni si mphunzitsi. Mufunseninso kuti pamalopo pali zida zanji za chithandizo choyamba, galimoto ikhala ya ndani, ndipo wovulala athamangira naye kuti, kaya ku chipatala cha boma pa Mulanje kapena ku Mulanje Mission. Akapanda kuyankha msanga, bwezani ndalama m'thumba.

Malamulo anayi a chitetezo, amene anafalitsidwa ndi Jeff Cooper wa ku America, muwaloweze pamtima musanafike. Mfuti iliyonse muitenge kuti ili ndi chipolopolo. Mpope usaloze chinthu chimene simukufuna kuwononga. Chala chikhale chowongoka m'mbali mwa mfuti, kunja kwa trigger, kufikira mutalunjika ndipo mwatsimikiza zowombera. Dziwani chimene mukuwombera ndi chimene chili kuseri kwake. Mphunzitsi wabwino amakhululuka kuphonya tsiku lonse, koma wolozetsa mfuti anzake amamubweza kunyumba.

Phunziraninso kutsitsa zipolopolo, ndipo ndondomeko yake isasinthe. Chotsani magazini poyamba. Kenako kokani slide katatu, ikhomeni kumbuyo, suzumirani mu chamber, pisanimo chala. Anthu ambiri amene amati mfuti inalira yokha anachita motembenuza: anakoka slide magazini ikadalimo, chipolopolo chimodzi chinatuluka, china n'kulowa, kenako anachotsa magazini n'kuyesa kuti mfuti ndi yopanda kanthu.

Katundu wake: laisensi ndi chitupa chanu, mfuti yotsuka, magazini atatu amene mwawalemba manambala pansi, holster yolimba yopangidwira mtundu wa mfuti yanuyo, yophimba trigger yonse ndiponso yosafwafwanyika mfuti ikatuluka, ndi lamba wolimba wa masentimita 4 m'lifupi. Ma holster ansalu olowa mfuti iliyonse ndiwo amayambitsa ngozi. Zipolopolo, maphunziro a masiku awiri amatha kudya 200 mpaka 300, ena kuposa apo, choncho funsani mphunzitsi nambala yake msanga, ndipo funsani apolisi kuchuluka kumene laisensi yanu ikulolani kugula ndi kusunga. Musadikire sabata yomaliza.

Makutu ndi maso musachite nazo chibwana. Kulira kwa 9mm kumafika pafupifupi madesibelo 160, pamene khutu limayamba kuwonongeka nthawi yomweyo pa 140, ndipo likafa silichira. Valani zotsekera za m'kati mwa khutu ndi zophimba zakunja pamodzi, thonje silikwanira. Magalasi akhale oteteza, ngati a ogwira ntchito pa chopukusira zitsulo. Khoko limatuluka lotentha, ndipo likalowa m'malaya munthu amavina ndi mfuti m'manja, ndiye valani malaya otseka pakhosi, kapusi ndi nsapato zotseka. Amayi avale buluku la lamba. Ikakhala nyengo ya chiperoni, jekete yanu ikhale yopanda zingwe zolendewera m'chiuno, chifukwa chingwe chikakodwa pa trigger pobwezera mfuti mu holster, chipolopolo chimalowa m'ntchafu. Potulutsa mfuti mudzaphunzira changu, koma pobwezera palibe mpikisano: yang'anani holster, bwezani pang'onopang'ono. Nyamulani madzi, kamba ndi sopo. Utsi ndi fumbi la zipolopolo zili ndi mtovu, choncho sambani m'manja musanadye. Mayi woyembekezera adikire kaye. Mowa, ngakhale wa dzulo lake, ayi.

Kunyumba, kwa masabata awiri, chitani mphindi 10 pa tsiku zokoka trigger mfuti ilibe chipolopolo. Zipolopolo zonse zikhale m'chipinda china, mfuti muiyang'ane kawiri, ndipo muloze khoma la njerwa zowotcha kumene kuseri kwake kulibe munthu. Ikani ndalama yachitsulo ya K10 pamwamba pa slide cha kutsogolo. Kokani trigger molunjika kumbuyo mpaka imveke, ndalamayo isagwe. Dziwaninso diso lanu lotsogolera: lozani chinthu chakutali ndi chala maso onse ali otsegula, kenako tsinzinani limodzilimodzi. Diso limene chala sichisuntha pa chinthucho ndilo lanu, ndipo likakhala la mbali yosiyana ndi dzanja lanu, muuzeni mphunzitsi m'mawa woyamba.

Za manyazi musade nazo nkhawa. Maphunziro otere amachitikira pafupi, mamita 3, 5, 7, mwina 10. Mukamaika zipolopolo khumi pa pepala la A4 pa mamita 5, mosathamanga, mwayamba bwino.

FUNSO: Ndikalunjika pakati, zipolopolo zikugwera pansi chakumanzere. Komanso mfuti ikumakanika, khoko likuima pakhomo pa slide. Kodi anandigulitsa yakufa? Mlonda wamkulu, Luchenza.

YANKHO: Mwina ayi, achimwene. Ngati ndinu wa dzanja lamanja, kugwera pansi chakumanzere ndi chizindikiro chodziwika cha wowombera, osati cha mfuti. Wamanzere zake zimagwera pansi chakumanja. Thupi likudikira kugunda, ndiye pa kamphindi komaliza zala zonse zimafinya ndipo dzanja limakankhira mpope pansi. Umboni wake ndi wosavuta: mnzanu aike mu magazini chipolopolo chabodza chophunzirira pakati pa zenizeni, inu osadziwa malo ake. Mukafika pa chabodzacho mudzaona nokha mpope ukugwada. Mankhwala ake ndi kulimbitsa dzanja lothandizira, kuyang'anitsitsa kachitsulo koyang'anira ka kutsogolo osati chandamale, ndi kukoka trigger ndi chala chimodzi chokha, mosalekeza. Musakhudze tizitsulo toyang'anira kufikira wodziwa atawombera mfutiyo ndi kupeza vuto lomwelo.

Khoko loima pakhomo kawirikawiri limachokera ku mkono wofewa. Slide imafuna chigwiriro chikhale nji kuti ibwerere mpaka kumapeto. Dzanja likagonja, mphamvu imathera m'mkono. Gwirani pamwamba, limbitsani mfundo ya dzanja, zala zazikulu ziwiri ziloze kutsogolo mbali imodzi. Chala chachikulu chamanzere chisadutse kuseri kwa slide, ingakutemeni. Zikapitirira, onani ngati ndi magazini imodzi yokha imene ikuchita zimenezi. N'chifukwa chake timati muwalembe manambala. Milomo ya magazini ikapindika kapena sipuling'i yake ikatopa, gulani ina. Kenako onani litsiro, kuuma kwa slide, ndi kambedza kokokera khoko.

Pokonza msanga, menyani magazini pansi kuti ikhale bwino, kokani slide mpaka kumapeto, isiyeni ibwerere yokha. Zipolopolo ziwiri zikapanikizana, khomani slide kumbuyo, zulani magazini, kokani slide katatu, ikani magazini ina.

Mavuto awiri okha ndiwo safuna changu. Pa malo ophunzirira, mukakoka trigger n'kungomva kakuti tche, mpope ukhalebe choloza chandamale kwa masekondi 30, chifukwa chipolopolo china chimachedwa kuyaka. Ndipo mfuti ikalira mofooka, kugunda kwake n'kuchepa, imani pomwepo. Chipolopolo chingakhale chatsakamira mumpope, ndipo chotsatira chikachipeza mpope umaphulika.

FUNSO: Kuno ku Thekerani chinyontho ndi chosaneneka, mfuti yayamba madontho a dzimbiri. Ndilinso ndi ana anayi. Ndikaikhomera m'bokosi, akuba akabwera ndidzaipeza nthawi yanji? Bambo wa ana anayi, Thekerani.

YANKHO: Dzimbiri limayamba ndi thukuta la m'manja ndi chinyontho chimene nsalu ndi chikopa zimasunga. Musaisunge mu holster yachikopa kapena kuikulunga m'chitenje. Mukaigwira, ipukuteni ndi kasanza ka mafuta a mfuti. M'nyengo ya mvula ndi ya chiperoni, kamodzi pa sabata ngakhale simunaigwire. Madontho asanu kapena asanu ndi limodzi m'njira za slide ndi pa mpope akwana. M'kabowo ka msomali womenya chipolopolo musathiremo mafuta, amagwira litsiro msomaliwo n'kufooka. Mafuta ophikira amauma n'kusanduka ulimbo. M'bokosi ikani timapaketi toyamwa chinyontho, ngati timene timabwera m'katoni ya nsapato. Zipolopolo zikhale m'chitini chotseka bwino, kutali ndi mafuta. Chimene mumalowetsa ndi kutulutsa mu chamber kawirikawiri, mutu wake umamira m'khoko ndipo mphamvu yake imakwera mowopsa. Chiyerekezeni ndi chatsopano, chikafupika musachiwombere.

Bokosi likhale lachitsulo, lomangidwa ndi mabawuti kukhoma kapena pansi, kuchipinda kwanu. Kiyi ikhale pathupi panu. Pansi pa pilo, pamwamba pa wadilopu ndi m'thumba la chimanga, ana amadziwa monsemo. Auzeni kuti akaona mfuti paliponse asaigwire, achoke, akauze wamkulu. Ndipo ngati m'nyumba muli wina wa mowa waukali, wokonda ndewu, kapena amene akulankhula zofuna kudzipha, mfutiyo ituluke, mukapemphe apolisi akusungireni.

Nthawi imene mukufunsayo siichokera ku mfuti. Mu 1983 wapolisi wa ku Salt Lake City, Dennis Tueller, anasonyeza kuti munthu wa mpeni amene ali pa mamita pafupifupi 6 amakufikani m'sekondi imodzi ndi theka. Wa chikwanje akalowa kale kuchipinda, ngakhale mfuti ya pansi pa pilo yachedwa. Chimene chimakupatsani mphindi ndi galu, nyale za sola panja, mawindo a zitsulo, chitseko cha matabwa enieni cha mpiringidzo, ndi chitseko china cholimba pa khonde lopita kuzipinda zogona. Kutsegula bokosi mumdima kuyesereni, mfuti ilibe chipolopolo. Pambali pake pakhale tochi yowala, chifukwa mthunzi umene ukuyenda usiku m'nyumba ya ana anayi nthawi zambiri ndi mwana wopita kukataya madzi.

FUNSO: Akuba akundithera nthochi ndi nkhuku. Ndikawapeza ndingawombere, kapena ndiwombere m'mwamba kuti athawe? Mlimi, Masambanjati.

YANKHO: Zonse ziwiri ayi. Malamulo amalola munthu kudziteteza, koma mphamvu imene wagwiritsa ntchito iyenera kulingana ndi ngozi imene ili pamaso pake nthawi yomweyo. Mfuti ndi ya pamene moyo wanu kapena wa wina uli pa chiswe, ndipo palibe njira ina yoonekera. Mkoko wa nthochi si moyo. Wakuba amene akuthawa sakuopsezaninso, ndipo bala la kumsana lidzakutsutsani m'khoti ngakhale mutakhala ndi loya wabwino. Laisensi imakulolani kukhala ndi mfuti. Siikupatsani chilolezo chopha. Kutulutsa mfuti pa mkangano wa malire a munda kapena pamalo omwera mowa, ngakhale osawombera, kungakutayitseni laisensi n'kukutsegulirani mlandu.

Chipolopolo chowombera m'mwamba chimabwerera, ndipo malata sachiletsa. Pa kalembera wa 2018 boma la Thyolo linali ndi anthu oposa 700,000, kutanthauza anthu oposa 400 pa sikweya kilomita iliyonse. Kumene chikagwereko kuli denga la munthu. N'chimodzimodzi m'nyumba: chitseko cha pulayiwudi, siling'i ndi zenera, 9mm imadutsa. Za nthochi ndi nkhukuzo, kambiranani ndi amfumu ndi achitetezo a m'mudzi, ndipo kanenezeni ku polisi kuti zilembedwe.

Zikachitika kuti mwawombera podziteteza, ngozi ikatha ikani mfuti pamalo otetezeka, imbirani apolisi inuyo poyamba, ndipo pezani thandizo la wovulala ngakhale ali wachifwambayo. Magazi akamatuluka kwambiri, panikizani pabala ndi nsalu mwamphamvu. Pa mkono kapena mwendo mangani chomangira magazi masentimita 5 mpaka 7 pamwamba pa bala, osati pa mfundo, n'kulemba nthawi. Musasunthe makoko kapena chikwanje. Apolisi akamafika, manja anu akhale opanda kanthu ndiponso oonekera. Mfuti adzaitenga, ndipo inunso akhoza kukusungani pamene akufufuza. Nenani zoona, pemphani loya.

FUNSO: Atsibweni anamwalira n'kusiya revolver ya laisensi. Akubanja agwirizana kuti ikhale yanga monga mwinimbumba watsopano. Ndingoisunga? Mwana wa mlongo wa malemu, Chonde.

YANKHO: Pepani ndi zovutazo, bambo. Laisensi inali ya malemuwo, ndipo siigawidwa pamodzi ndi njinga ndi mbuzi. Akubanja angagwirizane za amene adzaipemphe, koma opereka chilolezo ndi apolisi. Pitani ku polisi mukanene, musananyamule mfutiyo, mutatenga laisensi ya malemu, chikalata cha imfa ndi kalata ya akubanja yosainidwa ndi amfumu, ndipo iwo adzakuuzani mmene ifikire kumeneko. Ngati palibe wodziwa kutsegula silinda, asaigwire aliyense, khomani chipindacho. Popereka, onetsetsani kuti akupatsani pepala lolembapo mtundu wa mfuti, nambala yake ndi kuchuluka kwa zipolopolo, kenako yambani pempho lanu ngati wina aliyense. Ikadzabwera m'manja mwanu, mmisiri aione kaye isanalire, ndipo zipolopolo zakale za malemuwo zitsale ku polisi komweko.